Kalembedwe ka Mawu ndi Kufufuza Nkhani pa Intaneti

Munthu wofuna nkhani za ku Limbe akalemba dzina lokhalo m'makina ofufuzira a pa intaneti, pakati pa zimene amalandira pamakhala zithunzi za gombe la nyanja yamchere, chonsecho Malawi alibe nyanja yotero. Makinawo sikuti asokonezeka ayi. Ku Cameroon kuli mzinda winanso wotchedwa Limbe, monga momwe ku Scotland kulili Blantyre, kwawo kwa David Livingstone, kumene kudachokera dzina la mzinda wa ku Malawi. Makina apatsidwa malembo asanu, ndipo abweza masamba amene muli malembo asanuwo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kafufuzidwe: chimene makina amachidziwa bwino ndi malembo, pamene tanthauzo la mawu, makamaka a Chichewa, amangoliganizira. Kotero wofufuza amene amadziwa kalembedwe ka chiyankhulo chake, kakale ndi katsopano komwe, ndiponso zizindikiro zochepa zimene makinawo amamvera, amapeza m'kanthawi kochepa zimene mnzake angazisake tsiku lathunthu.

Kaundula wa makina

Anthu ambiri amayesa kuti akalemba funso, makina amayamba nthawi yomweyo kuyendayenda pa intaneti ponse kusaka yankho. Sizitero ayi. Ntchito yaikulu imakhala itachitika kale. Pali mapulogalamu a pakompyuta, amene a Google amawatcha Googlebot, omwe amayenda usana ndi usiku kuchoka pa tsamba lina kunka pa linzake potsata malinki, ndiye kuti mawu odinapo amene amatumiza wowerenga ku tsamba lina. Mawu amene mapulogalamuwa awapeza amalowetsedwa m'kaundula wamkulu, wofanana ndi mndandanda wa kumapeto kwa buku umene umasonyeza kuti mawu akutiakuti ali pa tsamba lakuti. Funso likabwera, makina amayang'ana m'kaundulamo basi.

Makina oyamba a mtundu umenewu, otchedwa Archie, adapangidwa mu 1990 ndi Alan Emtage pa yunivesite ya McGill ku Montreal, ndipo ankasunga mayina a mafayilo okha. AltaVista, ya mu 1995, inkasunga mawu a m'kati mwa masamba. Vuto lidatsala pa kasanjidwe: mwa masamba zikwizikwi amene ali ndi mawu ofunidwawo, liyambe ndi liti? Larry Page ndi Sergey Brin, amene adakhazikitsa Google mu 1998 atachokera ku yunivesite ya Stanford, adabwera ndi njira yotchedwa PageRank. Mwa njirayi, tsamba limene masamba ena ambiri amalozako limayesedwa lofunika, makamaka ngati masamba olozawo nawonso ndi odziwika. Lero kasanjidwe kamadalira zinthu zina zambiri, koma mfundo iyi ikadalipo, ndipo ili ndi zotsatira zake pa ziyankhulo zimene zili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti. Tsamba la Chichewa, ngakhale litalembedwa mwaluso chotani, kawirikawiri limakhala ndi masamba ochepa olozako, motero limatsalira kumbuyo kwa a Chingerezi.

Kuyambira mu 2013, ndiponso makamaka mu 2019 pamene adayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa BERT, a Google akhala akuphunzitsa makina awo kumva cholinga cha funso lonse, osangowerenga malembo. Koma makina amaphunzira chiyankhulo kuchokera ku kuchuluka kwa zolembedwa zake. Kumene zolembedwa zili zochepa, nako kumva kumachepa. Chinanso n'chakuti chimene sichidalowe m'kaundula sichingapezeke, kaya funso likonzedwe bwino motani: mauthenga a pa WhatsApp, zoyankhulidwa pa wailesi zimene sizidalembedwe, ndiponso makalata amene ali m'mabokosi ku nyumba yosungira zakale ya National Archives ku Zomba ndipo sadajambulidwe.

Zizindikiro zimene makina amamvera

Chida choyamba, chimenenso chimaposa zonse, ndi mitengero. Mawu akalembedwa opanda mitengero, makina amakhala ndi ufulu wowasinthanitsa, kusiyako ena, kapena kuika m'malo mwake ena amene akuwayesa ofanana nawo. Akatsekeredwa m'mitengero, monga "gule wamkulu", makina amafuna masamba okhawo amene mawuwo ali motsatana chomwecho. Ngakhale liwu limodzi lokha lingathe kuikidwa m'mitengero, ndipo pa Chichewa zimenezi n'zothandiza kwambiri, pakuti makina amakonda "kukonza" mawu amene sakuwadziwa, n'kuwasandutsa a Chingerezi kapena a Chiswahili oyandikana nawo m'malembo. Amene watopa ndi kuika mitengero pa liwu lililonse angasankhe Verbatim, chida chimene chidabwera mu 2011 ndipo chimapezeka pansi pa Tools pamwamba pa zotsatira. Chidachi chimaletsa makina kusintha mawu a m'funso.

M'kati mwa mitengero mungathe kulowa kanyenyezi, kamene kamaimira liwu lililonse losadziwika. Mwambi uja wa safunsa, ena amaulemba ndi adadya, ena ndi anadya. Wolemba "safunsa * phula" amagwira mitundu yonse iwiri nthawi imodzi. Tsoka lake n'lakuti kanyenyezika kamaimira liwu lathunthu, osati chidutswa cha liwu, ndipo kwa chiyankhulo chomanga mawu ndi aphatikiri kumeneku n'kupereweza kwakukulu, monga momwe zionekere kutsogoloku.

Kamzere kochotsera ka m'masamu, kakagundizana ndi liwu popanda mpata, kamachotsa masamba onse amene muli liwulo. Limbe -Cameroon ndi Blantyre -Scotland ndi zitsanzo zake. Pakakhala mpata pakati pa kamzereko ndi liwu, makina amangokanyalanyaza. Liwu loti OR, lolembedwa m'malembo akuluakulu, limauza makina kuti alandire liwu ili kapena ilo. Pa mawu ena onse makina sasiyanitsa malembo akuluakulu ndi ang'onoang'ono, koma pa liwu ili amasiyanitsa. Likalembedwa m'malembo ang'onoang'ono limasanduka liwu wamba. Maganizo a kuphatikiza, kusankha ndi kuchotsa magulu a zinthu motere ndi akale kuposa kompyuta: adawalongosola ndi George Boole, katswiri wa masamu wa ku England, m'buku lake la mu 1854.

Zizindikiro zina zidatha ntchito, ngakhale kuti zolembedwa zina zophunzitsa kompyuta zikadazitchulabe. Chizindikiro chophatikizira cha m'masamu, chimene kale chinkakakamiza makina kusunga liwu, a Google adachichotsa mu 2011, ndipo ntchito yake idapita ku mitengero. Kamzere kokhotakhota kamene kankaitana mawu ofanana matanthauzo kadachotsedwa mu 2013. Wozigwiritsa ntchito lero salandira chenjezo lililonse. Makina amangopitirira ngati sadazione.

Palinso mawu olamula amene amathera ndi timadontho tiwiri, ndipo nawonso salola mpata pambuyo pake. Kulemba site:gov.mw kumatsekera kafukufuku m'masamba a boma la Malawi, site:ac.mw m'masamba a sukulu zaukachenjede, site:zm m'masamba a ku Zambia, ndipo site:ny.wikipedia.org m'Wikipedia ya Chichewa yokha. Nthawi zambiri njirayi imapeza zinthu msanga kuposa kabokosi kofufuzira ka pa tsamba lenilenilo. Komabe m'pofunika kukumbukira kuti si masamba onse a ku Malawi amene amathera ndi mw. Nyuzipepala ya The Nation, mwachitsanzo, ili pa mwnation.com, kotero site:mw imaisiya kunja. Lamulo la filetype:pdf limabweretsa zikalata zokhazokha za mtundu wa PDF, mmene mumakhala malipoti, mabuku a sukulu ndi malamulo a dziko, pamene intitle: limafuna kuti liwu likhale pa mutu wa tsamba, osati longotchulidwa modutsa. Makina ena monga Bing ndi DuckDuckGo nawonso amalandira mitengero, kamzere kochotsera, site: ndi filetype:, ndipo poti kaundula wa Bing ndi wosiyana ndi wa Google, chimene chasowa uku nthawi zina chimapezeka uko.

Liwu limodzi, malembedwe angapo

Zida zonsezi zimathandiza munthu wa chiyankhulo chilichonse. Wofufuza m'Chichewa ali ndi ntchito ina yowonjezera, chifukwa chiyankhulochi chalembedwa m'njira zingapo pa zaka zoposa zana, ndipo njira zonsezo zili pa intaneti pamodzi.

Dzina lenileni la chiyankhulo ndi chitsanzo choyamba. Ku Malawi chidayamba kutchedwa Chichewa mwalamulo mu 1968. Zolembedwa za m'mbuyo mwake zimati Chinyanja kapena Nyanja, ndipo zina zakale kwambiri zimati Mang'anja. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lake ndi Cinyanja, lolembedwa ndi c wopanda h. Kalembedwe ka c kameneka ndi kamene kalinso m'Buku Lopatulika lakale, mmene muli cifukwa, cipangano ndi nchito pamene malamulo a kalembedwe a mu 1973 ndi otsatira ake amafuna chifukwa, chipangano ndi ntchito. Chimodzimodzinso bvuto ndi vuto, pfuko ndi fuko, mau ndi mawu, liu ndi liwu. Kwa munthu wowerenga, awa ndi mawu amodzimodzi. Kwa makina ndi mizere yosiyana ya malembo, ndipo palibe chitsimikizo choti makinawo adaphunzira kuti ndi pachibale. Wofufuza nkhani ya chinamwali amene walemba kalembedwe kamodzi kokha amataya, mosadziwa, zambiri zolembedwa ku Chipata ndi ku Tete ndiponso za m'mabuku akale a mishoni. Funso loyenera ndi chinamwali OR cinamwali.

Nkhodolero ili ndi mavuto akeake. Makina amaona zizindikiro zambiri za m'kalembedwe ngati mpata chabe, kotero ng'ombe kwa iwo ndi zidutswa ziwiri, ng ndi ombe. Pamwamba pa apo, anthu ambiri polemba pa lamya ya m'manja amaisiya nkhodoleroyo n'kulemba ngombe, mmudzi, nchifukwa. Wofuna kupeza zonse ayenera kupereka mitundu iwiri. Koma pali mawu amene nkhodolero ikachoka amasanduka ena: ng'oma ndi chida choimbira, pamene ngoma ndi gule wa Angoni, ndiponso ndi liwu lofala m'Chiswahili. Pamenepa OR amabweretsa chisokonezo m'malo mothandiza, ndipo chofunika ndi kuwonjezera liwu lina losonyeza nkhani yake, monga kuimba kapena chikopa. Lembo la ŵ nalonso limafuna kuyesa kawiri: Malaŵi ndi Malawi, Chicheŵa ndi Chichewa. Kawirikawiri makina amawatenga ngati amodzi, koma m'mitengero zotsatira zingathe kusiyana.

Vuto lalikulu koposa ndi la aphatikiri. M'Chingerezi mneni amasintha mawonekedwe kangapo kokha, ndipo makina amawadziwa onsewo. M'Chichewa tsinde limodzi, monga -lima, limabala kulima, analima, adalima, akulima, sadzalimanso, kulimitsa, kulimira, ndi mayina monga mlimi, alimi ndi ulimi. Kusinthaku kumachitika kumayambiriro kwa liwu ndi kumapeto komwe, ndipo kanyenyezi kaja sikangathe kuima m'malo mwa mphatikiri. Njira yodalirika ndi kusiya mneni n'kufufuza ndi mayina, popeza dzina limasintha pang'ono chabe, umodzi ndi unyinji. Ulimi wa mtedza ndi funso labwino kuposa mmene anthu amalimira mtedza. Mneni akafunika ndithu, ndi bwino kumulemba mwa ku-, monga kulima, chifukwa ndi momwe amaonekera pa mitu ya nkhani. Kalumikizidwe ka mawu nakonso kamasiyana ndi wolemba: kumudzi ndi ku mudzi, waku ndi wa ku, pamene ndi pa mene. M'mitengero kusiyana kwa mpata umodzi kumeneku n'kokwanira kubisa tsamba.

Kenaka pali mawu olembedwa mofanana koma osiyana matanthauzo. Chichewa cholembedwa sichisonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, kotero mtengo wa mango ungathe kukhala womera pabwalo kapena wolipira pamsika. Munthu amasiyanitsa ndi nkhani yozungulira, ndipo makina nawonso ayenera kupatsidwa nkhaniyo: kubzala kapena mbande kwa wofuna za ulimi, kwacha kapena msika kwa wofuna za malonda. Ndipo poti kwacha ndi ndalama ya Malawi ndi Zambia yomwe, nthawi zina pamafunikanso dzina la dziko. Mawu ena amagundana ndi a ziyankhulo zakutali. Wolemba moto amalandira njinga zamoto ndi malamya a Motorola. Wolemba mau amalandira mbiri ya Mau Mau ya ku Kenya pamodzi ndi masamba a Chipwitikizi. Mankhwala ake ndi osavuta: kuwonjezera m'mitengero liwu limodzi lofala m'Chichewa koma losowa kwina, monga "kwambiri" kapena "zimene". Pafupifupi nkhani yaitali iliyonse ya Chichewa imakhala ndi mawu amenewa, ndipo masamba a ziyankhulo zina amagwa okha.

Ofufuza mbiri ayenera kusunganso mayina akale a malo. Dziko linali Nyasaland mpaka mu 1964. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, ndipo Chipata inali Fort Jameson. Malo ena sadasinthe dzina koma kalembedwe: Mlanje, Cholo ndi Kota Kota ndiwo Mulanje, Thyolo ndi Nkhotakota. Wofuna mbiri ya minda ya tiyi akalemba Thyolo amapeza zolembedwa za posachedwapa. Malipoti a m'nthawi ya atsamunda amatuluka ndi Cholo, ndipo poti liwuli lili ndi tanthauzo lina m'Chisipanishi cha ku America, n'kwanzeru kuliperekeza ndi Nyasaland.

Chiwerengero cha zotsatira ndi masamba osowa

Pali chizolowezi china chimene chafala pakati pa otsutsana za kalembedwe. Wina amalemba mawu m'makina, mnzake amalemba mau, ndipo amayerekeza ziwerengero za zotsatira kuti aone kalembedwe kopambana. Umboni wotere ndi wofooka. Chiwerengerocho ndi chongoyerekeza, osati chowerengedwa limodzilimodzi; chimasintha tsiku ndi tsiku, ndipo wotsegula masamba a zotsatira mpaka kumapeto amapeza kuti makina amasonyeza mazana ochepa chabe. Kuwonjezera apo, tsamba limodzi lalikulu, monga la mpingo umene umamasulira mabuku ake ambiri, lingathe kukhala ndi gawo lalikulu la Chichewa chonse chopezeka pa nkhani ina, kotero kalembedwe ka akonzi ake kamaoneka ngati ka anthu onse. Kamzere kochotsera kophatikizidwa ndi site: kamathandiza kuchotsa tsamba lotero kuti ena aoneke. Chinanso n'chakuti kuyambira mu 2014, pamene Google Translate idayamba kumasulira Chichewa, pa intaneti padadza masamba ambiri omasuliridwa ndi makina popanda munthu wowaunika. Amadziwika ndi mgwirizano wosokonekera wa magulu a mayina ndi ziganizo zoyenda Chingerezi. Liwu lopezeka m'masamba otere okha silinganenedwe kuti ndi liwu la anthu.

Ofufuza za mawu atsopano amapindula ndi malamulo a before: ndi after:, amene adabwera mu 2019. Kulemba "makina a intaneti" before:2012 kumasonyeza ngati mawuwo ankagwiritsidwa ntchito chisanafike chakacho. Tsiku limene makina amatsata ndi limene iwo akuliyesa la tsambalo, osati la pamene mawu adayamba kuyankhulidwa, ndipo nthawi zina amalakwitsa. Kotero tsiku liyenera kutsimikizidwa pa tsamba lenilenilo. Chenjezo lomweli likukhudza chidule chimene makina amalemba okha pamwamba pa zotsatira, chimene a Google adachiyambitsa mu 2024 ndi dzina loti AI Overviews. Chidulecho chimamveka chotsimikiza ngakhale pamene chalakwa, ndipo pa nkhani za Chichewa, zimene magwero ake ndi ochepa, malinki a m'mbali mwake ndi ofunika kuposa chidule chenichenicho.

Masamba amafa. Kale Google inkasonyeza chithunzi chosungidwa cha tsamba limene lachotsedwa, koma idaleka mu 2024. Tsopano kothawira ndi ku Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, limene Brewster Kahle adalikhazikitsa mu 1996. Wofufuza amalembamo adiresi ya tsamba losowalo, ndipo ngati lidasungidwapo, amasankha tsiku n'kuliona monga linalili.

Ku Internet Archive komweko, ndiponso ku Google Books imene idayamba mu 2004, kuli mabuku akale ojambulidwa, ena mwa iwo a chiyankhulo chino, monga mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892. M'mabuku otere makina safufuza m'chithunzi cha tsamba ayi, koma m'malembo amene pulogalamu ina idawerenga kuchokera pa chithunzicho. Pulogalamuyo imalakwitsa pamene pepala lidachita mawanga kapena inki idafufutika: m angathe kusanduka rn, nkhodolero ingasowe, ndipo kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ kangawerengedwe ngati lembo lina. Chiganizo chachitali cha m'mitengero chimalephera ngati lembo limodzi lokha lidawerengedwa molakwika. M'mabuku akale, tsono, lamulo la mitengero limatembenuka: wofufuza amasankha liwu limodzi kapena awiri aafupi, opanda nkhodolero ndi opanda ŵ, olembedwa monga momwe akadalembedwera m'chaka chimene bukulo lidasindikizidwa, ndipo akafika pa tsambalo amawerenga chithunzi chake ndi maso.